Kodi Bwana Adagula Maola Okha, Kapena ndi Msana Womwe?

Mu 1953, dokotala Jeremy Morris adafalitsa zimene adapeza m'mabasi osanjikizana a ku London. Madalaivala, amene ankangokhala pampando tsiku lonse, ankadwala mtima kuposa makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe podula matikiti. Basi inali yomweyo, msewu womwewo, koma wina ankayenda, wina ayi.

Lero mpando wa dalaivala uja udasamukira mu ofesi. Kodi munthu akagulitsa maola ake kwa bwana, ndiye kuti wagulitsanso thupi lake?

Zipembedzo zidakana kalekale. Paulo, wosoka mahema uja, polembera Akorinto adayerekeza thupi ndi kachisi, ndipo kachisi salekereredwa kuti agumuke. Asilamu amati thupi ndi chinthu chimene Mulungu adangomusungitsa munthu, ndipo swala yawo imadukiza ntchito kasanu patsiku: munthu amaimirira, kuwerama ndi kugwada mpaka chipumi chigunde pansi. M'zaka za m'ma 500, Benedict wa ku Nursia adagawira amonke ake tsiku kuti azipemphera, kuwerenga ndi kugwira ntchito zamanja.

Mu 2020, bungwe la WHO lidalangiza akuluakulu kuti azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso azichepetsa nthawi yongokhala. Kalaliki angayambe ndi zazing'ono: kuimirira poyankha foni, kukweza kompyuta ilingane ndi maso, kukapereka yekha fayilo m'malo motuma mesenjala. Nawo mabwana ali ndi mbali yawo: kufupikitsa misonkhano, kugula mipando yochirikiza msana, ndi kusakalipa akapeza wantchito akuwongola miyendo pakhonde.