Kukucha ku Feira

Kuno ku Feira kukungocha kumene. Asodzi akukocheza mabwato pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, ndipo nyumba za ku Zumbo kutsidyako zikuoneka mwa chizimezime.

Mtima wanga uli pa inu amene mwaitanidwa ku intavyu, kaya ku chipatala cha Katondwe, kaya ku khonsolo pa Boma, kaya ku loji ya alendo ku Lower Zambezi. Chitupa cha NRC ndi satifiketi ya Grade 12 muziike m'pulasitiki musanalowetse m'chikwama, chifukwa thukuta la m'chigwa chino limanyowetsa ngakhale pepala. Malaya ositawo muwapinde bwino, mukavale mutafika. Ngati ndi ku Lusaka, mtunda ukupitirira makilomita 300, choncho mukagone komweko.

Akakufunsani ntchito imene munagwirapo, chonde musayankhe kuti palibe. Inu amene mwakhala mukugulitsa nsomba zouma pa Luangwa Bridge mumadziwa kusunga ndalama, kubweza chenji mabasi ali piringupiringu, ndi kutsitsa mtima wa kasitomala wokwiya. Mukawauze zimenezo, mosathamanga, maso ali pa iwo.

Madzi a tiyi awira. Imwani kaye musananyamuke.