KODI NKULAKWA KUFUNA CIPEPESO CA MWANA WOGUNDIDWA NDI GALIMOTO?

Abale, mwana akagundidwa ndi galimoto nathyoka mwendo, makolo ena amati, "Ife takhululuka, kulandira ndarama kuli ngati kugulitsa mwazi wa mwana wathu." Mau amenewa amveka okoma, koma tiyeni tiwayese bwino.

Munthu akhoza kukhululuka mangawa ace a iye mwini. Mkwiyo wa atate pa woyendetsa galimoto ndi wao, ndipo acita bwino kuutaya. Koma mwendo wothyokawo suli wa atate iai. Mwanayo ndiye adzatsimphina kufikira ukalamba wace, nalephera kugwira khasu monga anzace. Nanga tingafafanize bwanji mangawa a mwini wina, amene sanafike msinkhu wa kudzinenera yekha?

Makolo athu anadziwa ici. Pabwalo la mfumu, wopweteka mnzace anali kulipa mbuzi kapena nkhuku, ndipo mlandu utatha anali kudyanso pamodzi. Cilamulo ca Mose comwe, pa Eksodo 21:18-19, cinalamulira womenya mnzace kuti amlipe pa masiku amene anagona, namciritse. Kulipa sindiko kubwezera coipa. Ndiko kukonza cimene cinaonongeka.

Ena aopa kusaukitsa woyendetsayo. Koma lamulo la pamseu la m'Malawi la 1997 likakamiza mwini galimoto kukhala ndi inshuwaransi, kuti kampani ilipe opwetekedwa. Kholo litenge kalata ya apolisi ndi ya dotolo. Mwana sangasume yekha, cifukwa cace wamkuru amuimira. Ndipo wosauka akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Oweruza ayesa zowawa za mwanayo, cilema cace, ndi ndarama zimene zinapita ku cipatala. Musazengereze, pakuti mboni ziiwala msanga. Musaonjezenso bodza pa bala la mwana.

Koma ciyeso cacikuru cidza ndarama zitafika. Pamenepo abale amene sanaoneke ku cipatala acuruka pakhomo. Wina afuna njinga, wina mowa. Kumbukani kuti ndaramazo nza mwana, za ndodo zace, za maulendo a ku cipatala ndi za sukulu, popeza wosakhoza kulima adzadya za maphunziro ace. Kholo liri mdindo cabe. Tsiku lina mwanayo adzakula nadzafunsa kuti, "Atate, ndarama za mwendo wanga zinapita kuti?" Wodala kholo limene lidzamyankha losazolika.