Woulutsa Mpira Akanyoza Munthu, Kodi Tikwiye?

Lamulungu masana ambiri a ife timakhala pafupi ndi wailesi kapena kanema kutsatira mpira. Ena amapita kunyumba zoonetsera mpira kumsika, ena amadzazana pakhonde pa mnansi amene ali ndi kanema. Kwa mphindi 90 timamvera munthu mmodzi akulankhula osapuma. Nkhope yake mwina sitiidziwa, koma mawu ake timawazindikira ngati a mbale wathu, ndipo ana athu amamutsanzira akamasewera mpira wachikulunga kuseri kwa nyumba. Funso langa lero likukhudza munthu ameneyu. Akatulutsa mawu onyoza wosewera kapena woyimbira, kodi n'koyenera kuti anthu onse akwiye mpaka munthuyo ntchito imuthere? Kapena tizingoti ndi zamasewera, zisatipwetekere mutu?

Tiyeni tiyambe ndi nkhani ziwiri zimene zidachitika ku England, dziko limene mpira wake timautsatira kwambiri kuno kwathu.

Pa 20 April 2004 timu ya Chelsea idagonja ndi zigoli 3 kwa 1 kwa Monaco mumpikisano wa Champions League. Mmodzi mwa othirira ndemanga pa kanema ya ITV adali Ron Atkinson, amene kale adaphunzitsapo Manchester United. Masewera atatha, iye poganiza kuti maikolofoni azimitsidwa, adanena kuti Marcel Desailly, kaputeni wa Chelsea, ndi waulesi ndi wopanda nzeru, nawonjezapo liwu lonyansa lija limene eni akapolo ankatchulira anthu akuda. Ku England mawuwo sadamveke, koma oonera m'maiko ena a ku Middle East adawamva. M'mawa mwake Atkinson adapepesa n'kusiya ntchito, ndipo nyuzipepala ya The Guardian imene ankalembamo idasiyana naye. Desailly wonenedwayo adabadwira ku Accra m'dziko la Ghana, ndipo adali atatenga kale chikho cha dziko lonse ndi France mu 1998, komanso Champions League kawiri, ndi Marseille mu 1993 ndi AC Milan mu 1994.

Nkhani yachiwiri ndi ya pa 22 January 2011, pamene Wolverhampton inkakumana ndi Liverpool. Wonyamula mbendera mmodzi tsikulo adali mtsikana wa zaka 25, Sian Massey. Mpira usadayambe, akuluakulu awiri a kanema ya Sky Sports, Richard Keys ndi Andy Gray, nawonso poganiza kuti palibe akuwamva, adayamba kuseka kuti akazi sadziwa lamulo la ofusayidi ndi kuti pafunika wina atsike akamufotokozere. Mpira utayamba, Liverpool idagoletsa chigoli choyamba pamene ambiri ankaona ngati pali ofusayidi. Massey sadakweze mbendera, ndipo zithunzi zobwereza zidaonetsa kuti iye ndiye adaona bwino. Mawu a amuna awiriwo atatuluka poyera, ndipo kutatulukanso kanema wina woonetsa khalidwe losayenera la Gray kwa mayi wina wogwira naye ntchito, Gray adachotsedwa, ndipo Keys adasiya ntchito tsiku lotsatira.

Pali anthu anzeru ndithu amene amati mkwiyo wa pa nkhani ngati zimenezi umapyola muyeso, ndipo zifukwa zawo n'zofunika kuzimva. Choyamba amati mpira ndi masewera a phokoso ndi mangolomera, ndipo amene safuna kunenedwa asalowe m'bwalo. Chachiwiri amati anthuwa ankacheza paokha, sankalankhula kwa dziko. Chachitatu amati munthu tizimuweruza ndi ntchito zake, osati ndi liwu limodzi. Chachinayi amati dziko lili ndi mavuto aakulu, njala, kukwera mitengo kwa zinthu, kusowa kwa mankhwala, ndiye kukwiyira mawu a woulutsa mpira n'kutaya nthawi.

Pa chifukwa choyamba, n'zoona kuti woulutsa mpira amalipidwa kuti azinena chilungamo ngakhale chowawa. Akati wotchinga kumbuyo wagona, wagolo wagwira mphepo, woyimbira walakwitsa, palibe chokwiyira, pakuti akunena za chimene munthu wachita, ndipo munthuyo mawa angathe kuchikonza. Koma liwu limene Atkinson adawonjeza silinkanena za kasewero ka Desailly. Linkanena za khungu lake, chinthu chimene sadasankhe ndipo sangachisinthe, ndipo lidagwera munthu wakuda aliyense amene adali kuonera, kuphatikizapo inu ndi ine. Chimodzimodzinso Massey adaweruzidwa mpira usadamenyedwe n'komwe, mlandu wake kubadwa wamkazi. Apa ndiye pali malire: kudzudzula chimene munthu wachita ndi mbali ya masewera, koma kunyoza chimene munthu ali n'kumulanda ulemu wake wa umunthu.

Pa chifukwa chachiwiri, chakuti maikolofoni adali ozimitsa, ndimaona kuti chimawonjeza mlandu m'malo mouchepetsa. Lilime likaterereka pagulu tingati ndi ngozi. Koma mawu amene munthu amasungira nthawi imene akuganiza kuti palibe akumumva ndi amene amaonetsa zimene zili mumtima. Komanso anthuwa sadali kuchipinda kwawo. Adali pantchito, pakati pa achinyamata ojambula ndi olumikiza mawaya, amene ankaphunzira kwa akuluakuluwo mmene munthu wamkazi kapena wakuda amanenedwera chitseko chikatsekedwa.

Chifukwa chachitatu ndiye cholemera. Kuyambira mu 1978, Atkinson ali mphunzitsi wa West Bromwich Albion, ankaseweretsa pamodzi anyamata atatu akuda, Cyrille Regis, Laurie Cunningham ndi Brendon Batson. Imeneyo idali nthawi imene ochemerera ena ku England ankaponyera nthochi osewera akuda n'kumalira ngati anyani. Ena mwa osewera akuda amene adadutsa m'manja mwake adamuikira kumbuyo nkhaniyi itabuka. Zimenezi sitingazifufute, ndipo aliyense woweruza moyo wonse wa munthuyu ayenera kuziwerengera. Komabe tonse tikudziwa bwana amene amalipirira sukulu mwana wa wantchito wake, koma salola wantchitoyo kukhala pampando m'nyumba mwake. Munthu angathe kukuchitira zabwino kwinaku akukuona ngati wochepa. Zabwinozo tiyamike, koma sizimugulira chilolezo chotinyoza.

Nanga chifukwa chachinayi, chakuti pali mavuto aakulu? Mtima wa munthu si nkhokwe yakuti ukatapamo chifundo cha nkhani imodzi ndiye kuti cha nkhani ina chatha. Amene amamva kuwawa mnzake akanyozedwa ndi yemweyo amamvanso kuwawa mnzake akagona ndi njala. Ndipo mawu a pa wailesi si aang'ono. Munthu akatukwana kumowa amamveka kwa anthu khumi, koma woulutsa mpira amalowa m'nyumba zosawerengeka nthawi imodzi, nakhala pamphasa ndi ana athu. Mtsikana amene amalota zodzakhala woyimbira akamva akuluakulu akuseka mkazi wonyamula mbendera, amaphunzira kuti malowo si ake. Mnyamata naye amaphunzira kuti kuseka koteroko ndiko kukhala mwamuna. Madzi akatayika sawoleka.

Choncho yankho langa ndi lakuti inde, mawu otere ayenera kukwiyitsa anthu. Thomas Aquinas, woganiza mozama wa m'zaka za m'ma 1200, adaphunzitsa kuti mkwiyo pawokha si woipa ukamatsogozedwa ndi nzeru, ndipo kuti munthu amene sakwiya konse pamene choipa chachitika nayenso ali ndi cholakwa. Koma adachenjezanso kuti mkwiyo umaipa ukafuna chilango choposa mlandu, kapena ukafuna kubwezera m'malo mokonza. Pamenepa ndi pamene ambiri a ife timapunthwa, chifukwa kukwiya pagulu kumakoma. Kumatipangitsa kudziona olungama popanda kutaya kanthu.

Taonani mmene nkhani ya Massey idathera. Chifukwa cha phokoso ndi atolankhani amene adamuunjirira, akuluakulu a oyimbira adamuchotsa pa masewera amene amayenera kukagwira sabata yomweyo. Iye sadalakwe kanthu, koma nayenso adakhala pansi. Keys ndi Gray, pasadathe mwezi, adali atapeza ntchito pa wailesi ya talkSPORT, ndipo pambuyo pake adakagwira ntchito pa kanema ina ku Qatar. Mkwiyo wa anthu udali ngati moto wa mapesi, woyaka kwambiri n'kuzima msanga. Chimene chidaimika Massey pamalo pake ndi chakuti adabwerera m'bwalo, ndipo amene amagawa masewera adapitiriza kumupatsa mbendera chaka ndi chaka. Ntchito yachete yotereyi, yophunzitsa ndi kukhulupirira amayi, ndi imene idafikitsa Salima Mukansanga wa ku Rwanda poyimbira masewera a amuna a chikho cha Africa mu January 2022, ndi Stéphanie Frappart wa ku France poyimbira masewera a Germany ndi Costa Rica pa chikho cha dziko lonse mu December chaka chomwecho.

Ndiye mkwiyo woyenera tingauzindikire bwanji? Ine ndimadzifunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi mkwiyo wangawu ukuthandiza wonyozedwayo, kapena ukungondipatsa nkhani yokamba? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho tiyambe tamva zimene wolakwiridwayo akufuna tisadayambe kufuula m'malo mwake. Lachiwiri: kodi chilango chikulingana ndi mlandu? Kumulanda munthu maikolofoni amene wawagwiritsa ntchito molakwa ndikuona kuti n'chilungamo, monga momwe mphunzitsi wonyoza ana amachotsedwera m'kalasi. Maikolofoni ndi udindo wobwereka, si cholowa cha makolo. Koma kutukwana banja lake, kumuopseza, kapena kufuna kuti asadzapezenso pogwira moyo wake wonse, kumeneko ndi kuchita chomwecho chimene tikudzudzula. Lachitatu: kodi tasiya khomo lobwererapo? Munthu akavomera kulakwa popanda kuzemba, napepesa kwa amene adamulakwira, nasintha, tiyenera kumulandira. Kupepesa kwa mtundu wa “ngati pali amene wakhumudwa” sikukwana, pakuti kumakankhira mlandu kwa wovulalayo. Koma kupepesa koona kukakanidwa, anthu amangophunzira kubisa bwino maganizo awo, osati kuwasintha.

Patsala funso limodzi, ndipo ndi limene limandisowetsa mtendere. N'kosavuta kukwiyira mzungu wa ku England amene wanyoza munthu wakuda, chifukwa apo wonyozedwa ndife. Nanga pa mabwalo athu? Dziko lathu lili ndi Bernadettar Kwimbira, mayi amene adanyamula mbendera pa chikho cha dziko lonse cha amayi mu 2015 ndi mu 2019. Timanyadira dzina lake likatchulidwa kunja. Koma mtsikana wina akanyamula mbendera pa bwalo la pasukulu ya m'dera lathu, amamva zotani kuchokera kwa ife? Amauzidwa kuti apite akaphike, ndipo ena amatchula ziwalo za thupi lake ana ali pomwepo. Wosewera akaphonya chigoli timamukumbutsa mtundu wake kapena chigawo chimene amachokera. Wina timamutcha dzina la chilema chake, anthu n'kumafa nazo phwete.

Sindikunena za ena okha. Tsiku lina pa mpira wa achinyamata, woyimbira atakana chigoli cha timu yathu, ndidafuula mawu okhudza kwawo kumene amachokera. Anthu adaseka, ine n'kudzimva wochenjera. Madzulo ake ndidamva mwana wa mlongo wanga akubwereza mawu omwewo kwa mnzake, ndi kamvekedwe kanga komwe. Ndidalibe maikolofoni, koma ndidali nditaulutsa. Kudanditengera masabata awiri kuti ndilimbe mtima kukapeza woyimbira uja ndi kumupepesa, ndipo adandiyankha kuti adazolowera. Yankho limenelo lidandipweteka kuposa kundikalipira, chifukwa lidandionetsa kuchuluka kwa ife amene tidamuzoloweretsa.

Ngati tikufuna kudziwa ngati mkwiyo wathu pa woulutsa mpira uli woona, tiuyese pamenepa. Mkwiyo woona sumasankha kuti wolankhulayo ndi wa timu yanji, wa mtundu wanji, kapena ngati ndi mnzathu wokhala naye benchi limodzi. Woulutsa mawu akanyoza munthu pa wailesi, tilembe kapena tiimbe foni kwa akuluakulu a wailesiyo, mwaulemu koma mosabisa mawu. Mnzathu akatero pabwalo, tisaseke, ndipo mpira ukatha timutengere pambali. Ukakhala pakamwa pathu pomwe, tipite tikapepese dzuwa lisadalowe.

Masana ano wailesi zitsegulidwanso, ndipo tidzakuwa, kudandaula ndi kutsutsana ndi woyimbira monga mwa masiku onse. Palibe choipa pamenepo, mpira umakoma ndi phokoso. Tingokumbukira kuti amene akuthamanga m'bwalomo ndi mwana wa munthu, ndipo pambali pathu pali mwana amene akuloweza liwu lililonse.