Kodi ukuchikonda, kapena chakugwira pakhosi?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya makhadi. Musathawe, sindikukuitanirani ku njuga ayi. Funso langa ndi ili: munthu akati "chinthu ichi ndimachikonda," tidziwa bwanji kuti akuchikondadi, osati kuti chamugwira pakhosi?

Ku America kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusewera poker basi. Ndalama ya lendi, ya chakudya, ya fizi ya ana, yonse imachokera pa tebulo la makhadi. Chaka chilichonse amakumana ku Las Vegas pa mpikisano wa World Series of Poker, umene unayamba mu 1970. Kuti ulowe nawo gawo lalikulu la mpikisanowu umalipira madola 10,000. Kaseweredwe kake ndi kotere: aliyense amapatsidwa makhadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa pakati kuti akhale a onse, ndiye mumabetcherana. Ukaona kuti ako ndi ofooka, uli ndi ufulu wowataya n'kudikira ulendo wina.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti akatswiri amataya makhadi awo kambirimbiri kuposa mmene amasewerera. Amakhala maola, kumangotaya, kumangoyang'ana anzawo. Ndipo ngakhale utagwira ma ace awiri, amene ndi makhadi oyambira amphamvu kuposa onse, mnzako wa makhadi awiri ofanana ang'onoang'ono amakugwetsabe pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu. Ukhoza kuchita zonse molondola n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Mwayi umalamulira usiku umodzi, koma luso limaoneka pakapita zaka. Ndiye kuti ukhalitse pamenepo uyenera kukhala ndi mtima woukonda mchitidwewo. Akatswiri ambiri ukawafunsa amanena zomwezo, eti amawakonda masewerowa.

Tsono taonani amuna awiri awa, onse okonda poker.

Woyamba ndi Stu Ungar wa ku New York. Ambiri amati panalibe wa mutu ngati iye pa makhadi. Anapambana mpikisano waukulu uja mu 1980 ndi mu 1981 akadali mnyamata. Koma akadzuka pa tebulo, ndalama ankakaithira pa mijaha ya akavalo, pa kubetcha masewero ena ndi pa mankhwala ozunguza bongo. Pofika 1997 analibe ngakhale yolowera mpikisano, anachita kumulipirira mnzake Billy Baxter. Anapambananso kachitatu, madola 1 miliyoni, nagawana ndi mnzakeyo. Mu Novembala 1998 anamupeza atamwalira m'chipinda cha nyumba yogona alendo yotchipa ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, chuma chonse chija chitapita.

Wachiwiri ndi Doyle Brunson wa ku Texas. Anapambana mu 1976 ndi mu 1977. Analemba buku lotchedwa Super/System, momwe anaulula nzeru zake kwa anthu omwe mawa lake adzakhale naye pa tebulo limodzi. Sanali mngelo, nayenso ankabetcha zambiri ndipo pa unyamata wake anashotapo kangapo. Koma anasewera zaka zoposa 50. Mu 2018, ali ndi zaka 84, anafika pa tebulo lomaliza la gawo lina la mpikisanowu, nalengeza kuti akusiya mipikisano kuti azikhala pafupi ndi mkazi wake amene sankapeza bwino. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89.

Kodi mwa awiriwa ndani ankaikonda poker? Mwina munena kuti Ungar, poti anapereka moyo wonse. Ine ndikukana. Ndikuona ngati Ungar ankakonda kugunda kwa mtima kumene kumabwera zonse zikakhala pa chiswe. Makhadi akamuchedwetsa, ankakakufuna kwa akavalo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Brunson ankakonda masewero enieniwo, n'chifukwa chake anatha kuwaphunzitsa ena, kuwasamala kuti awasewerenso mawa, ndi kudzuka pamene wina kunyumba anamufuna.

Ine ndimagulitsa pamsika, ndipo lamulo loyamba limene geni inandiphunzitsa ndi lakuti mpamba sadyera. Tsiku likavuta, tomato waphwanyika m'dengu, makasitomala kulibe, mtima umati kongola katapila, ukaode kawiri, ubweze zonse mawa. Amene amamvera mtima umenewo mwezi sutha, benchi yake mupeza pali wina. Amene amaikonda geni amalola kuluza pang'ono lero kuti mawa ayalenso. Akatswiri a poker nawonso ali ndi mpamba wawo, ndipo okhalitsa saika wonse pa tebulo limodzi.

Komabe ndisakunamizeni kuti poker ndi geni n'chimodzi. Kasitomala wanga akandipatsa ndalama amapita ndi ndiwo. Pa tebulo la makhadi, chimene wapata iwe chachoka m'thumba la mnzako, ndipo iye amapita wopanda kanthu. Katswiri amadya pa zolakwa za ofooka, ena mwa iwo ndi odwala njuga ngati Ungar. Funso limenelo chikondi cha masewero sichiliyankha, ndipo ine sindingamuphunzitse mwana wanga ntchito imeneyi. Pa Brunson mmodzi pali anthu ambirimbiri amene mayina awo sitiwamva, poti anagwa msanga.

Koma muyeso umene ndatolapo ukugwira ntchito ponseponse. Mchimwene amene mumabetcha mpira pa foni n'kumati mumaukonda mpira, kodi mungaonere gemu yonse osaikapo kobiri n'kusangalala? Inu a geni, inu olemba ndakatulo mpaka usiku ana asanadye, inu osaphonya msonkhano uliwonse pamene kunyumba kuli matenda, tadzifunsani. Kodi mungathe kutaya makhadi pamene mtima ukuti pitiriza? Kodi mungadzuke wina akakuitanani, n'kubwerera mawa muli ndi mtendere?

Ngati mungathe, chinthucho mumachikonda ndithu, pitirizani. Ngati simungathe, musachitchule chikondi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mpamba usanathe.