Kodi Nyumba ya ku Shiwa Ng'andu Nja Yani?

Munthu akachoka ku Lusaka pa msewu waukulu wa kumpoto, napitirira Mpika, atayenda makilomita oposa 700, amafika pa kanyanja kamene Ababemba amakatcha Ishiba Ng'andu. Ndipo chapafupi ndi madziwo paima nyumba yosanja ya njerwa zofiira, ya zipilala ndi makonde, yokhala ndi kachisi wake ndi chipinda chodzala mabuku, imene Mngelezi wina, Stewart Gore-Browne, anaimanga kwa zaka zambiri atakhazikika kumeneko mu 1920. Mwini wakeyo anatisiya mu 1967, boma la Zambia linamuika m'manda mwaulemu waukulu, a Kenneth Kaunda ali pomwepo. Mwana wake wamkazi ndi mwamuna wake ataphedwa ku Chisamba mu 1992, nyumbayo inayamba kugumuka, denga likudontha, kufikira adzukulu anaikonzanso naitsegulira alendo olipira.

Tsono tiyerekeze kuti amayi a chigwirizano ku Matero mu Lusaka, kapena banja lalikulu la ku Chawama mumzinda womwewo ndi akamwini ndi apongozi ake omwe, asonkherana ndalama pa chilimba chaka chathunthu, nabwereka basi, kuti pa Khirisimasi akachezeko onse pamodzi. (Zipinda za alendo m'nyumbamo nzowerengeka, mtengo wake ngwokwera, kotero ambiri akagona m'mahema ku akasupe otentha a Kapishya, makilomita ngati 20 kuchokera pamenepo, koma funso lathu silisintha.) Kodi ulendo wotere ndi ulemu kapena ndi manyazi?

Alipo akulu ena amene angakwinye nkhope, ndipo mlandu wawo si wopepuka. Adzatikumbutsa kuti bwanayo anthu ake anamutcha Chipembere chifukwa cha ukali, ndi kuti dzanja lake silinali kuchedwa kukantha wantchito. Adzatikumbutsanso kuti pamene Lusaka anasanduka likulu mu 1935, mzindawo anaulinganizira Azungu, munthu wakuda akuyesedwa wongodutsa, wodzagwira ntchito ndi chitupa m'thumba ndi kubwerera kumudzi akakalamba, kotero kuti makomboni onga George ndi Kalingalinga anaphuka pa minda ya eni popanda chilolezo, anthu akugona ndi mantha a kugwetseredwa nyumba. Mwana wa anthu otere, iwo atero, apereke bwanji thukuta lake kuti akagone pa kama wa mtsamunda? Ena adzayankha kuti Chipembere yemweyo ndiye anathandiza a Harry Nkumbula pa maphunziro, nalankhulira anthu akuda m'nyumba ya malamulo, naima pambali pa a Kaunda pa masiku a kumenyera ufulu. Zonsezi nzoona, ndipo sindiona chifukwa chobisira china kuti chinzake chiwale.

Koma ine ndiyesa kuti mbali zonse ziwiri zaphonya pamodzimodzi, pakuti zonse zavomereza msanga kuti nyumbayo nja Gore-Browne. Mutu umodzi susenza denga. Pa masiku aja njanji inali kutali ku Ndola, misewu kunalibe, ndipo katundu wolemera anafika pa mitu ya amtengatenga oyenda masabata m'tchire. Njerwa iliyonse inaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi manja a Ababemba mazanamazana, amene anapala matabwa, nakwera pamwamba kukayala denga, nafa maina awo osalembedwa pa khoma lililonse. Ngati kumanga ndiko kumapatsa munthu umwini, nyumbayo njawo. Ngati ndi ndalama, tikumbuke kuti munda wa bwanayo sunali kubweza zolowa, ndi kuti chuma chambiri chinachokera kwa mlongo wa atate ake ku England. Ndipo ngati ndi kugonamo, lero ogonamo ndi alendo, amene ndalama zawo ndizo zimagula laimu ndi kulipira wofolera. Mdzukulu wa bwana tsopano ndiye alonjera odza ndi kuwafunsa ngati agona bwino.

Mlaliki anaziona izi kalekale, pamene anadandaula kuti ntchito yake yonse adzaisiyira wobwera pambuyo pake, osadziwa ngati adzakhala wanzeru kapena chitsiru. Ndipo chilamulo cha Mose chinaletsa kugulitsa dziko chigulitsire, popeza mwini nthaka ndi Mulungu, Aisraeli nangokhala ogonera kwa Iye. Makolo athu anati mlendo ndi mame. Chipembere, ndi nsanja yake yonse, anali mame pa dziko la eni ake. Chifukwa chake amayi a ku Matero apite, akalowe pa khomo lalikulu mosawerama, akayimbe m'kachisi muja. Koma wowaonetsa malo akayamba kutchula maina a pa zithunzi, amufunse mwaulemu ngati alipo amene akumbukira maina a oumba njerwa, pakuti zidzukulu zawo zikali m'midzi yozungulira.

Komabe pali msampha m'chiphunzitso chimenechi, ndipo ndiuopa koposa ukali wa bwana. Mawu akuti tonse ndife alendo pa dziko lapansi ngokoma kuwalalikira, ndipo kawirikawiri amawalalikira anthu olakwika. Aneneri anali kuwalunjika pa olumikiza nyumba ku nyumba ndi munda ku munda. Sanawanenere wamasiye kuti aleke kufunsa za malire a malo ake. Mbusa amene aimirira ku komboni ya Kanyama m'mwezi wa Januwale, madzi a mvula atalowa m'nyumba ndi kusefukira m'zimbudzi, kolera ikutenga ana monga inachitira mu 2018 ndi mu 2024, nauza mpingo kuti usalabadire za mokhala mwa pansi pano, ameneyo wapotoza Malembo. Anthu awo ulendo akuudziwa kale, saufuna ulaliki. Lamulo la mu 1974, limene linavomereza makomboni ambiri kukhala malo oyenera kukhalamo anthu, silinawapatse nthaka. Linawapatsa pepala lololeza kukhalapo zaka 30, zikatha apitenso kwa a khonsolo kukapempha lina.