Kodi Mpando Ungachite Tsankho?

Ku America, anthu onenepa ogwira ntchito m'nyumba za mabuku akhala akudandaula kuti mipando njopanikiza, makwerero ofikira mabuku apamwamba ngosalimba, ndiponso olemba ntchito ena amayesa kunenepa ulesi. Chigawo cha Michigan chinaletsa kusala wantchito chifukwa cha kulemera kwa thupi m'chaka cha 1976, ndipo mzinda wa New York unatero mu 2023. Koma lamulo limamva msanga mawu a bwana; mpando sulankhula. Wogula mpandowo sanafune kupweteka munthu, inde, anangoiwala kuti matupi amasiyana. Komabe, abale, ine ndiyesa kuti kuiwala kotere kuli ndi mlandu, pakuti mnzakeyo amakhala chiimirire msonkhano wonse, kuchita manyazi kupempha mpando wina.