Mitengo iwiri ya mango ya ku Makawa

Padangokhala mkulu wina m'mudzi wa kufupi ndi Makawa, m'mbali mwa msewu wochoka pa Boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Kale anali msodzi, koma mawondo atayamba kukana bwato ankangokhala pakhomo n'kumasoka maukonde a anzake. Moyandikana naye munkakhala mphwake, mwana wa mlongo wake, yemwe anali atangobwera kuchokera ku Joni n'kufolera nyumba yake ndi malata atsopano.

Khomo lililonse linali ndi mtengo wa mango a boloma. Mitengoyi inabzalidwa tsiku limodzi, ndipo inakula mpaka kusowetsa anthu mtendere. Mwera ukayamba mu Juni, nthambi zinkakwecha madenga usiku wonse. Masana mthunzi unkafika pa mathandala, usipa osauma.

Tsiku lina mnyamata uja anabwera ndi munthu wa makina ochekera mitengo wa pa Boma.

"Amalume, akamaliza wangawu adulenso wanuwo. Ndalama ndilipira ndine."

"Zikomo mphwanga, koma wangawu uli ndi maluwa. Ndiudikira ubale kaye."

Makina analira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mtengo wa mnyamata unali utatha. Kunatsala thunthu ndi zitsa zinayi zoloza kumwamba, utomoni uli chuchuchu. Anthu odutsa anayamikira kuti pakhomo payera.

Mkulu uja anadikira mpaka Januwale, mango atatha. Anabwereka sowo kwa mmisiri wa mabwato, naitana mdzukulu wake wodziwa kukwera. Asanadule kanthu ankatsetserekera kunyanja, n'kuima pamchenga kuyang'ana mtengo wonse uli patali. Akabwerako ankaloza nthambi imodzi yokha.

"Itsate nthambiyo chotsika mpaka upeze mphanda. Waiona inzake yaing'ono yopita cham'mbali? Imeneyo isiye, ndiyo itenge malo. Dula pamwamba pake pomwepo, usasiye chitsa. Uyambe kucheka pang'ono kunsi, kuti ikamagwa isasende khungwa."

Nthambi ikagwa, iye ulendo kunyanja kukayang'ananso. Anthu ankaseka kuti mkuluyu akutha mapazi kuposa mano a sowo. Chaka chimenecho anachotsa zouma, zokhulana ndi zokhudza denga basi. Pa magawo anayi a masamba sanafike pochotsa ngakhale gawo limodzi lathunthu.

"Amalume, mwatha sabata koma mtengo uli chimodzimodzi," anatero mphwake.

"Ukaona kuti sukuoneka kudulidwa, ndiye kuti ndadula bwino. Kuthamanga sikufika, mphwanga. Masambawa ndiwo amaudyetsa. Ukaulanda onse tsiku limodzi umachita mantha, ndipo chobadwa ndi mantha sichilimba."

Mnyamata anangoseka, poti nthawi imeneyo mtengo wake unali utaphukira mochititsa kaso. Pachitsa chilichonse panatuluka mphukira zambirimbiri, zowongoka ngati mabango, zothamangira kumwamba. Chimene sanaone n'chakuti mphukirazo zinangomera pakhungwa, sizinazike m'kati mwa mtengo. Sanaonenso kuti dzuwa la mu Okutobala linali litawaula thunthu mpaka khungwa kung'aluka, ndiponso kuti madzi a mvula ankakhazikika pa zitsa zija n'kumaziwoletsa. Chiswe sichinachedwe kumva.

Chaka chachiwiri mkulu anatsitsa nthambi zam'mwamba, chachitatu anafupikitsa zam'mbali. Mtengo unatsika mpaka mwana wokhala ndi nsungwi m'manja n'kumafikira mango, koma mlendo sakanadziwa kuti padadutsa sowo. Unali wobulungira monga mango amakhalira, mphepo ikudutsa m'kati, dzuwa la m'mawa likufika pa mathandala. Mabala aja anali atatsekeka ndi khungwa latsopano. Kubala sunaleke ngakhale chaka chimodzi.

Wa mnyamata unali utabwerera pa msinkhu wake wakale, masamba okhaokha, bango ngakhale limodzi ayi. Ana ake ankadzuka m'mamawa kukatola pansi pa mtengo wa agogo awo, ndipo mkazi wake ankakhala komweko masana pothawa kutentha kwa malata.

Usiku wina mu Julaye mwera unakalipa, asodzi onse n'kukokera mabwato kumtunda. Pakati pa usiku kunamveka phokoso. Nthambi zitatu zinazuka pa chitsa chowola n'kugwera pa malata a ku Joni aja, kuwapinda mpaka kuchipinda.

Kutacha mnyamata anafika kwa amalume ake, nakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Amalume, ndiugwetse basi?"

Mkulu anapita kukagogoda thunthu ndi chigumbu cha mpeni, akumvetsera.

"Mbali iyi ukadali moyo. Pachitsa chilichonse cholimba tisankhapo mphukira ziwiri kapena zitatu, zinazo tizichotsa pang'onopang'ono. Chowolachi tichicheka mpaka tipeze poyera. Mango usawayembekezere msanga."

"Ndiitane uja wa makina?"

"Amene uja msiye ku Boma. Pita kwa mmisiri ukabwereke sowo, ndipo pobwera udzere kunyanja, ukauone kaye uli patali."